Dzino la a Ramphal m'Thumba la Tchana

Ku Taraori kuno, ku India, munthu aliyense ali ndi chiwalo chimene chimamudyetsa. Onyamula matumba amadya za msana, madalaivala a malole amadya za matako, ndipo a Lala Murarilal, eni chigayo chachikulu cha kuseri kwa njanji, amadya za pakamwa, poti kunenerera mtengo kwa iwo n'chimodzimodzi kukama njati yamphongo. Koma a Ramphal Kamboj ankadya za dzino. Osati mano onse ayi, dzino limodzi lokha, lakumbuyo, lam'munsi, mbali ya kumanzere.

Chigayo cha a Lala chimatumiza kunja mpunga wa basimati, tchana, mphodza, komanso ufa wa tirigu ndi wa tchana. Katunduyo amayenda pa lole mpaka ku doko la Mundra, kenako mwezi wathunthu panyanja atatsekeredwa mu kontena. Mbewu ikalowa mmenemo isanaume bwino, imakafika kwa ogula itamera nkhungu mpaka kununkha, ndipo wogula wa kunja sakudzudzula kawiri, amangosiya kuyankha foni. Choncho thumba lililonse lisanasokedwe pankafunika munthu woti anene kuti mbewuyi yauma kapena ayi. Munthuyo anali a Ramphal. Ankatapa njere imodzi, n'kuiika pa dzino lija, n'kutseka maso ngati akupemphera, kenako n'kuluma. Ikalira kuti "kha!" ankagwedeza mutu, matumba n'kupita. Ikangophwanyika mwakachetechete ankati, "Bwererani nazo padzuwa," ndipo panalibe wotsutsa.

Ntchitoyi anaipeza chifukwa cha umbava. Anabwera pachigayopo ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi kudzanyamula matumba, ali woonda ngati bango, ndipo pofuna kunamiza njala ankaba mpunga wosaphika n'kumatafuna kuseri kwa milu ya matumba. Tsiku lina a Lala anawapezerera, tsaya lili tumbi.

"Iwe wakuba iwe, ukudya chiyani?"

"Mpunga wanu, Lalaji. Koma musautumize uwu, ngwonyowa. Wa mulu uwo ndiye wouma, ndinaudya dzulo."

A Lala anakweza dzanja kuti amenye, koma munthu wamalonda ngakhale atapsa mtima khutu lake silitseka. Anauyanika mpungawo masiku awiri ena. Mnzawo wa chigayo choyandikana, amene anagula kwa mlimi yemweyo, anatumiza wake ku Jeddah tsiku lomwelo, ndipo unabwerako utabiriwira. Tsiku limene anamva zimenezi, a Lala anaitana wakuba uja, anamuuza kuti ayasamule, anasuzumira mkamwamo kwa nthawi ndithu, kenako analumbira pamaso pa antchito onse: "Ramphal, dzino ili likadali mkamwa mwako, ntchito uli nayo pano." Zaka makumi atatu ndi ziwiri zinadutsa mawu amenewo ali chiimire.

Mmene a Ramphal ankalisamalira dzinolo, ngakhale mwana wobadwa yekha samulera choncho. M'mawa uliwonse ankalitsuka ndi kamtengo ka nimu, mano enawo n'kumangopatsidwa zotsala. Nzimbe sankayamwa. Pa ukwati wa mwana wawo Kamlesh anakana zotsekemera zonse, mpaka apongozi anaganiza kuti sakukondwa ndi mkamwini. Chakudya chawo chinali chapati cholimba cha mchewere ndi tchana wokazinga, ndipo mpunga wophika sanaulawepo chiyambire ntchito. Kwathu kuno n'zoona kuti timalima mpunga koma timadya tirigu, komabe pa ukwati kapena munthu akadwala, mpunga timadya ndithu. A Ramphal ayi.

"Dzino likangodziwa kuti mpunga umatha kufewa, liyamba kuumvera chisoni," ankatero. "Ndiye ntchito yatha pamenepo."

Akazi awo, a Omwati, ankauza anzawo pompopi kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi dzino. Mwamunayo anangobwera ngati woperekeza."

Mavuto anayamba pamene Naveen, mwana wa a Lala, anabwerako ku sukulu ku Delhi atavala malaya opisira, atanyamula kabokosi ka makina oyezera chinyezi. Ukathiramo mbewu, kabokosiko kankalemba manambala. Anthu tonse tinkayembekezera nkhondo, koma chimene chinachitika chinali chokhumudwitsa: kabokosiko ndi dzino zinkagwirizana tsiku lililonse. Dzino likati "kha!" kabokosi kankalemba kuti zauma. Dzino likakana, kabokosi nakonso kankakana. Zimenezi zinkawanyansa onse awiri, poti aliyense ankafuna kumugwira mnzake bodza.

"Bambo, nanga tikusungiranji zinthu ziwiri za ntchito imodzi?" ankafunsa Naveen. "Makinawa samwa tiyi kasanu patsiku."

"Ndinalumbira," a Lala ankayankha. "Dzino likadali mkamwa, pakamwa pakopo tseka."

A Ramphal ankaimva nkhaniyi ali kunja kwa zenera, ndipo ankapita kwawo akuliseweretsa dzinolo ndi lilime. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi. Munda analibe, ntchito ina sankaidziwa, ndipo pamsika anthu ankawaimirira powapatsa moni, kuwaitana kuti Tau, monga timaitanira mkulu wake wa bambo, chifukwa cha dzino lomwelo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho dzino linayamba kunyerenyesa akamamwa tiyi. Pofika Malichi linali litabooka, likugwedera, ndipo linkawawa moti a Ramphal ankaona nyenyezi masana. Anathira mafuta a mpiru ndi mchere. Anaikapo adyo, mpaka onyamula matumba anayamba kuwapatsa moni ali patali. Tsaya litatupa anazimanga nsalu kumaso n'kumanena kuti fumbi la chaka chino ndi loipa.

"Bambo a Kamlesh, pitani kwa dokotala wa mano ku Karnal," a Omwati anatero m'mawa wina. "Nkhope yanu yakhala ngati dzungu lopindika. Ngakhale njati yathu ya m'khola ikukuopani."

"Dokotala wa mano? Ameneyo akaona dzino amaona ngati udzu m'munda, amangofuna kuzula. Likachoka ili tidya chiyani, mayi a Kamlesh?"

"Nanga panopa mukudya chiyani? Dzulo chapati munachiviika m'madzi, ndinakuonani."

"Ndimachitsuka."

Mu Epulo tchana watsopano atabwera, kunafika oda ya wogula watsopano wa ku Norway: kontena yathunthu ya tchana wamkulu woyera, matumba pafupifupi chikwi. Naveen anaifunafuna oda imeneyi kwa chaka chathunthu, ndipo ankayenda pachigayo ngati tambala. Wogulayo analemba kuti mu katundu wake safuna kupezamo kanthu kachilendo, kaya kamwala, kaya tsitsi. Naveen anaveka aliyense kachipewa kamaukonde, ngakhale mlonda wadazi.

Tchanayo atadutsa m'makina onse opeta ndi osankha, ankatsikira m'chifanulo chachikulu chachitsulo, n'kumagwera m'matumba pansi pake. Pamenepo m'pamene a Ramphal ankaima. Lachiwiri masana, anthu atangodya, anatapa tchana mmodzi wonona, anatsitsa nsalu ija pang'ono, anamuika pa dzino n'kuluma.

Ululu unawathamanga kuchokera m'nsagwada mpaka kuchala chachikulu cha kuphazi. Anakuwa kuti "Mayo!" atawerama pamwamba pa chifanulo, ndipo m'phokoso lonse la makina anamva kanthu kakugunda chitsulo kuti "ke!" Analavulira m'dzanja. Tchana uja analimo, wathunthu, wopanda ndi chipsera chomwe. Anapititsa lilime kumbuyo, mbali ya kumanzere. Lilime linapeza bwalo.

Anasuzumira m'chifanulo. Tchana ankangotsika mwa zikwizikwi, onse oyera motuwira chikasu, ofanana ndendende ndi dzino lomwe lamwa tiyi zaka makumi atatu. Pansi, amayi osoka matumba ankasoka, onyamula akunyamula, kontena ikudzaza.

"Tau, zili bwanji?" anafuula Naveen ali uko ndi kabokosi kake. "Kwa ine zauma."

A Ramphal anakweza nsalu kumaso n'kugwedeza mutu. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuvomereza mbewu chifukwa choti makina avomereza, ndipo manyazi ake anawawa kuposa nkhama. Tsiku lonselo sanatsegule pakamwa. Atawapatsa tiyi anakana ndi dzanja, ndipo onyamula matumba ananong'onezana kuti Tau ayamba kusala kudya, mwina akufuna kukakhala kuphiri ndi anthu oyera mtima.

Dzuwa likulowa anafika kunyumba, anakhala pa bedi la zingwe pabwalo, n'kumasula nsalu. A Omwati, amene ankakanda ufa, anayang'ana kamodzi kokha.

"Yasamulani."

Anayasamula.

"Lili kuti?"

"Likupita ku Norway."

A Omwati anaseka mpaka kugwira m'nthiti ndi manja a ufa. "Zaka zonsezi ine ndikupempha kuti mundipititse kukasamba mumtsinje woyera ku Haridwar, apa pokha, mumati ndalama. Lero dzino lakwera sitima! Lidzatitumizire zithunzi."

"Usaseke, mkazi iwe. Lole ikunyamuka mawa m'mawa."

Ataona kuti amuna awo maso ali ofiira, a Omwati analeka kuseka. Anapukuta manja n'kukhala pambali pawo. Anthu awiriwa ankanyozana tsiku lililonse, koma ankakondana ndithu.

"Mverani kuno," anatero motsitsa mawu. "Mwina mwalimeza. Anthu amameza mano. Mawa mukavale nsalu yanu, muziluma ndi dzino lina, muzisuzumira manambala a Naveen n'kumagwedeza mutu. Adziwa ndani? A Lala maso awo ndi ofooka, sasuzumiranso mkamwa mwanu."

"Sindinameze. Ndinalimva likugunda chitsulo."

"M'phokoso lonse lija?"

"Mwana wako akalira pamsika sumudziwa?"

A Ramphal anayang'ana tchana uja, amene anali akadali m'dzanja mwawo, ndipo m'maganizo mwawo munabwera gogo wina wachizungu ku Norway, amene sanawalakwirepo kanthu, atanyika tchana wake m'madzi, ataphika, atakhala patebulo ndi adzukulu. Tchana yense wafewa kupatula mmodzi. Anamuona gogoyo akuluma, dzino lake likukumana ndi dzino lawo. Kenako anaona kalata ikubwera kuchigayo, dzina la a Lala likununkha mpaka ku Mundra. Zaka makumi atatu ndi ziwiri palibe thumba loipa lomwe linadutsa pamaso pawo, ndiye lero choipa cha m'thumba chikhale iwo eni?

M'mawa kontena inali itatsekedwa kale. Dalaivala, mkulu wina wandevu dzina lake Gurmel, anali atapachika ndimu ndi tsabola kutsogolo kwa lole zothamangitsira tsoka, injini ikulira. A Lala ndi Naveen anaima pakhonde la ofesi akudya zotsekemera. Mlonda atatsegula geti, anapeza a Ramphal ataima pakati pa msewu, manja atatambasula.

Gurmel anaimba huta. "Tau, chokani! Mukufuna kufa, kafereni pa lole ya wina, yanga ndatsuka dzulo!"

A Lala anabwera akukoka mwendo wawo wa nyamakazi. "Ramphal, wapenga? N'chiyani?"

A Ramphal anangomasula nsalu, n'kuyasamula pamaso pa abwana awo monga anachitira zaka makumi atatu ndi ziwiri zapitazo. A Lala anavala magalasi, anasuzumira, anavula magalasi, anawapukuta, anasuzumiranso.

"Lapita kuti?"

A Ramphal analoza kontena.

"Thumba liti, Tau?" anafunsa Naveen, mawu atachepa ngati a mbuzi.

"Limodzi mwa amenewo, mwana wanga."

Naveen anakhala pansi pa fumbi ndi buluku lake losita. Gurmel anazimitsa injini, anayang'ana ndimu yake ija, n'kunena kuti wogulitsa ndimu anamupatsa yowola.

Anatsitsa matumba onse. Naveen anati ntchitoyi ndi yochepa, makina atha pa maola anayi. Anamasula matumba n'kuthira tchana yense m'makina ochotsa miyala, koma dzinolo linali lobooka mkati, lopepuka ngati tchana, choncho linadutsa. Anamuthira m'makina osankha mtundu, aja amene amaona njere yakuda imodzi pakati pa zikwi n'kuiuzira kunja. Makinawo analiyang'ana dzino la a Ramphal n'kulivomereza kuti ndi tchana wa giredi yoyamba. Kawiri konse. A Ramphal atamva zimenezi ananyadira pang'ono, ngakhale sinali nthawi yonyada.

"Zimitsani zonse," anatero madzulo a tsikulo. "Mawa mundibweretsere lata."

Kutacha anatsamiritsa lata lakale pa njerwa pakati pa bwalo. Analamula kuti pasakhale wolankhula, wotsokomola kapena woyetsemula. Amayi osoka matumba ankathira tchana pang'onopang'ono pamwamba pa latalo, tchanayo n'kumatsetsereka ngati mvula ya matalala, a Ramphal atagwada pambali, khutu atalitchera, maso atatseka. Chigayo chimene sichinakhalepo chete chimangire chinangoti zii. A Lala anakhala pa mpando ndi ambulera. Alimi obwera ndi mathirakitala ankaima pageti n'kumafunsa kuti wamwalira ndani.

Tsiku loyamba silinaphule kanthu, kupatula batani la malaya a Naveen, limene aliyense analonjeza kuti sadzalitchulanso. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, atatsala ndi mulu wa matumba osakwana makumi anayi, pakati pa phokoso la tchana panamveka kuti "ke!"

"Imani!"

A Ramphal anapisa dzanja m'mulu osayang'ana n'komwe, ndipo analitulutsa. Linali laling'ono kuposa mmene onse tinkaganizira, lachikasu, lobooka, lonunkha adyo. Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nyimbo ya paukwati, Gurmel anavina atakweza manja onse. A Ramphal okha ndi amene sanaseke. Anapita kwa a Lala n'kuwaonetsa dzinolo pachikhatho.

"Lalaji, munati likadali mkamwa. Si ili, lili m'manja."

A Lala anamina mamina kwa nthawi yaitali. "Chitsiru iwe," anatero. "Ukanangokhala chete ndikanadziwa bwanji? Ndikugulira lagolide."

"Lagolide silimva, Lalaji. Lolani kabokosi ka mwanayu kagwire ntchito. Sikanama, ndakhala ndikukayang'anira zaka zinayi."

Naveen anawerama pamaso pa antchito onse n'kuwagwira mapazi a Ramphal, monga timalemekezera akulu, zimene sanachitepo chibwerere ku Delhi. Matumba anasokedwanso, ndipo kontena inanyamuka itachedwa masiku atatu. A Ramphal anawaveka nkhata ya maluwa ndi bulangete latsopano m'kutentha kwa Epulo, n'kuwakweza pa thirakitala mpaka kwawo.

Dokotala wa ku Karnal, amene anamuthawa miyezi inayi, anangochotsa kamuzu kotsala, n'kulamula kuti kwa sabata yathunthu asadye cholimba chilichonse. Dzino lija a Omwati analiponya padenga monga timachitira ndi mano a ana, akuti mwina limera lina. Nkhunda ina inatera, inalijompha kamodzi n'kulisiya pomwepo, ndipo a Ramphal anati mbalame imeneyo a Lala ailembe ntchito.

Tsiku limenelo masana anakhala pa bedi la zingwe, manja alibe chochita. Kuchigayo kunalira belu la anthu obwerera kuntchito, miyendo yawo inadzuka yokha, kenako anakumbukira n'kukhalanso pansi. Anamva chisoni chachikulu, cha munthu amene dziko lapitirira popanda iye. A Omwati anabwera ndi mbale n'kuiika patsogolo pawo. Munali khichidi, mpunga wophikira limodzi ndi mphodza mpaka kufewa, pamwamba atathira mafuta a mkaka wa njati. Mpungawo unali basimati wa zaka ziwiri, wochokera m'kathumba kamene a Lala ankawapatsa chaka chilichonse pa chikondwerero cha Diwali, kamene a Omwati ankadya okha ndi ana.

"Ine zimenezi sindidya."

"Mukuopa kupusitsa ndani? Mwini wake ali padenga."

A Ramphal anayang'ana mbale, anayang'ana denga. Anatapa pang'ono ndi zala n'kuika mkamwa, ndipo mwa chizolowezi anatseka maso kudikira kuti ilire. Sinalire. Inangosungunuka pa lilime, fungo lake n'kukwera m'mphuno, ndipo anakhala choncho osatsegula maso mpaka a Omwati anaopa kuti akomoka.

"Mayi a Kamlesh."

"Ee?"

"Kodi zimenezi ndi zimene ndakhala ndikutumizira anthu akunja zaka zonsezi?"

"Zomwezo."

"Ndipo iwe umadziwa kuti zimakoma chonchi?"

"Ndinkakuuzani Diwali iliyonse. Inu munkamvera dzino."

A Ramphal anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete la a Lala, anakombeza mbale ndi chala, n'kuikankhira kwa akazi awo.

"Mu mphikamo mwatsala?"